Ulendo wa banja ku Khulubvi: kwa Mbona amapitako mopempha

Sukulu zikatsekera, banja lokhala ndi kangachepe m'thumba limaloza kunyanja: ku Mangochi, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay. Akatolika a ku Blantyre amakwera phiri la Michiru potsata Njira ya Mtanda. Opeza bwino amasonkherana za ulendo wa ku Namugongo ku Uganda, kumene pa 3 June chaka chilichonse khamu limakumbukira anyamata amene anaphedwa mu 1886 chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Msilamu amasunga ndalama zaka ndi zaka kuti tsiku lina akaponde ku Mecca. Choncho kuyendera malo opatulika si kwachilendo kwa Amalawi. Chodabwitsa n'chakuti tikamawerenga malo oterewa, a makolo athu timawadumpha.

Ukatchula Nsanje, anthu amakumbukira kutentha, udzudzu ndi madzi osefukira. Komatu kufupi ndi boma la Nsanje, lomwe lili m'dera la Gogo Chalo Malemia, kuli nkhalango ya Khulubvi, ndipo m'kati mwake muli kachisi wa Mbona. Kumeneku anthu akhala akupempha mvula kwa zaka 400 kapena kuposerapo. Kodi bambo, mayi ndi ana awo angapiteko? Akakaonako chiyani? Nanga ngati ali opemphera, chikumbumtima chiwalola? Ulendowu ngwotheka ndipo phindu lake ndi lalikulu, koma pali mfundo imodzi yosalumphika: Khulubvi ndi malo amoyo, ali ndi eni ake, ndipo wofikako amafika ngati wopempha. Zina zonse za ulendowu zimayenda bwino kapena kusokonekera pa mfundo imeneyi.

Mbona amene Amang'anja amamusimba

Mbiri ya Mbona imasimbidwa mosiyanasiyana malinga ndi mudzi ndi wosimba, koma msana wake ndi umodzi. Kunagwa chilala. Mlauli, yemwe anali atsibweni ake a Mbona ndiponso mwini udindo woitana mvula, anayesa nzeru zake zonse koma kumwamba kunangoti mbee. Mbona atalowa m'bwalo, mvula inagwa. M'malo moyamika, akuluakulu anadzazidwa ndi nsanje, ndipo Mbona anathawa kulowera kummwera, adani ali pambuyo.

Osimba amakhalitsa pa ulendo wothawawu chifukwa ndiwo unapatula malo ambiri a m'chigwa cha Shire. Amati pamene Mbona wamva ludzu, chitsime chinkatumphuka pamchenga. Pamene wafuna kubisala, nkhalango inkamera. Adani akayandikira, ankasanduka nkhanga. Pomaliza anamupeza ku Ndione, m'mphepete mwa dambo la Ndindi. Mikondo ndi mipeni zinalephera kumulasa mpaka iye mwini anawauza chinsinsi, kuti amucheke pakhosi ndi tsamba la bango. Magazi ake anayenderera nasanduka mtsinje, ndipo mutu wake unakaikidwa ku Khulubvi. Pamenepo anthu anamanga kachisi.

Ana amene amawerenga mabuku a zisudzo mwina anakumanapo ndi nkhaniyi m'sewero la Steve Chimombo lotchedwa The Rainmaker, lomwe linasindikizidwa mu 1978. Koma kuimva ili m'buku n'kosiyana ndi kuimva kwa nkhalamba ikuloza ndi chala mbali imene dambo la Ndindi lili. Mwana amaphunzira kuti dziko lake lili ndi mapu ena, olembedwa ndi miyala, zitsime ndi misitu, amene saphunzitsidwa m'kalasi.

Zimene ofufuza mbiri anapeza

Munthu amene anafufuza kwambiri za Mbona ndi Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Netherlands, yemwe anagwira ntchito m'chigwa cha Shire asanakaphunzitse ku Chancellor College. Anasonkhanitsa masimbidwe ambiri a nkhaniyi, nawayerekeza ndi zolemba za Apwitikizi, ndipo zotsatira zake zili m'buku la River of Blood la mu 1992. Iye anaona kuti kupembedza pamalowa n'kwakale kuposa nkhani ya kuphedwa kwa Mbona. Poyamba panali kachisi wa mvula wofanana ndi wa Makewana ku Msinja m'boma la Lilongwe, kumene mzimu wa Chauta umafika m'maonekedwe a njoka ndipo umatumikiridwa ndi mkazi wopatulika. Cha m'ma 1600, Lundu, mfumu ya mbumba ya Aphiri, anakula mphamvu m'chigwachi nafuna kuti kachisinso akhale m'manja mwake. Malinga ndi Schoffeleers, nkhani ya munthu wosalakwa wophedwa ndi olamulira ndi njira imene anthu wamba anasungira chikumbutso cha nkhanza za nthawi imeneyo. Lundu mwiniyo anagonjetsedwa mu 1622 ndi Muzura mothandizidwa ndi Apwitikizi, koma kachisi anatsala.

Anatsalanso pa mavuto a m'ma 1860. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, ndipo posakhalitsa chigwachi chinasakazidwa ndi ogwira akapolo, monga gulu la Matekenya, kenaka ndi njala yoopsa ya mu 1862 ndi 1863. Amakololo amene anabwera ndi Livingstone analanda ufumu kumtunda kwa chigwa, ndipo mayina awo, monga Kasisi, Maseya ndi Katunga, akadali a mafumu ku Chikwawa mpaka lero. Mphamvu za Lundu zinaphwasuka, ntchito za pakachisi zinasokonezeka, koma bata litabwerera anthu anamumanganso.

M'nthawi ya atsamunda, Khulubvi anakhala pakamwa pa alimi. Madzi a Shire atakwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndi kumiza madimba ambiri, anthu anapanikizana kumtunda. Kenaka boma linabwera ndi malamulo a malimidwe, okakamiza mizere m'minda. Alimi a kuchigwa, ozolowera kulima kwawo, ankati mizere ikuumitsa nthaka m'dziko lotentha chotere, ndipo mawu ochokera kwa Mbona anali kumbali yawo. Mfumu Molin Tengani, Mkhristu wophunzira kumishoni, anaima ndi boma, ndipo anasemphana kwambiri ndi a kukachisi. Wolemba mbiri Elias Mandala anafotokoza za moyo wa alimi a nthawiyi m'buku lake la mu 1990. Banja lodziwa zimenezi silikaona kanyumba ka udzu chabe. Likaona malo amene anthu osauka ankalankhulirapo ndi olamulira pamene kunalibe nyumba ya malamulo yowamvera.

Eni ake a kachisi

Ku Khulubvi kulibe ofesi yogulitsa matikiti. Udindo wosamala malowa unagawidwa kalekale pakati pa mafumu ndi mabanja odziwika. Pamwamba pali Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, yomwe likulu lake lili ku Mbewe ya Mitengo m'boma la Chikwawa. Pafupi ndi kachisi, mayina a Ngabu ndi Tengani ndiwo akhala patsogolo pa miyambo, ndipo Malemia, monga mfumu ya dera la pa boma, salambalalidwa. Pansi pawo pali anyakwawa ndi akuluakulu okhala m'mphepete mwa nkhalango, amene amalandira alendo ndi kuyang'anira kuti mwambo usaphwanyidwe.

Apa mlendo asasokonezeke. Ngabu wa pa msewu waukulu, pamene pali msika ndi masitolo musanafike ku Bangula, ali m'boma la Chikwawa. Ngabu wokhudzana ndi Khulubvi ndi mfumu ina ya m'boma la Nsanje. Wotsika minibasi pa Ngabu woyambayo n'kumafunsa njira ya kwa Mbona adzakhala atatsala ndi mtunda wautali.

Pamwambo wake, m'nkhalangomo mumakhala mkazi wa Mbona, yemwe dzina la udindo wake ndi Salima. Amasankhidwa ndi kuperekedwa kudzera kwa Lundu, ndipo amati Mbona amamuyendera usiku m'maonekedwe a nsato. Nthawi zina udindowu wakhala wopanda munthu kwa zaka zingapo, chifukwa si chapafupi kupeza mayi wovomera kusiya abale n'kukhala moyo wodzipatula. Palinso wobwebweta, munthu amene mzimu umamugwira nalankhula zimene Mbona akudandaula: chigololo, umbombo wa mafumu, kudula mitengo, kunyozera nsembe. Iyeyu sasankhidwa ndi mfumu, n'chifukwa chake mawu ake akhala akuopedwa.

Kachisi mwiniyo ndi kanyumba kozungulira ka mitengo ndi udzu. Mwana amene waonapo tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre akhoza kufunsa kuti, "Ababa, ulendo wonsewu tadzera kanyumba aka?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake ndilo phunziro lalikulu la ulendowu. Kachisi wa Mbona sanamangidwe kuti akhalitse. Akakalamba amamangidwanso, ndipo kumangako ndiye mwambo waukulu: midzi imasonkha, mafumu amayenera kugwirizana, okangana amayenera kuyanjana kaye. Kale zopereka zinkachokera kutali, mpaka kutsidya kwa malire ku Mozambique, m'mbali mwa Zambezi. Kachisi akaoneka wakugwa, anthu amadziwa kuti pakati pa akuluakulu pali nkhani. Chimene chakhala zaka 400 si udzuwo ayi, koma mgwirizano womangitsa udzuwo.

Njira ndi malo ena a Mbona

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Nsanje ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180 pa msewu wa M1. Mumatsika zitunda zokhotakhota mpaka pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, n'kudutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, kenaka Ngabu, Bangula ndi Tengani. Khulubvi ndiye likulu, koma pali malo ena ogwirizana naye amene anamwazikana m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa: Nyandzikwi, Mwala Umodzi, Kaloga, Chifunda Lundu, Nkhadzi, Mtsakana ndi Konde Dzimbiri. Pa Mwala Umodzi, m'mtsinje wa Thangadzi, anthu amaonetsa chizindikiro pathanthwe chimene amati Mbona anasiya atakhalapo kupumula. Kaloga ali mbali ya nkhalango yotetezedwa ya Mwabvi.

Banja lisadzinamize kuti lingamalize malo onsewa pa ulendo umodzi. Ambiri ali kutali ndi msewu wa phula, alibe zikwangwani, ndipo aliwonse ali ndi mfumu yake yoyenera kuipempha. N'kwanzeru kusankha Khulubvi ndi malo ena amodzi, n'kuwapatsa nthawi yokwanira. Ana akatopa ndi nkhani za akuluakulu, njira yomweyi ili ndi zowasangalatsa: nyama za ku Lengwe ndi ku Majete, ndi mbalame za ku Elephant Marsh, dambo limene linalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse mu 2017.

Mwambo wa pakhomo

Safunsa anadya phula. Ulendo wa ku Khulubvi umayambira kwa mfumu, osati pa nkhalango. Njira yabwino ndi kudzera ku ofesi ya bwanamkubwa pa boma la Nsanje kapena kwa Gogo Chalo, kuti akulumikizeni ndi osamala malowa, ndipo izi zichitike masiku angapo ulendo usanafike. Pofika, bambo kapena mayi wamkulu ndiye amalankhula, atakhala pansi, ataomba m'manja: "Zikomo amfumu, ife ndife alendo anu. Tabwera ndi ana kuti amve za makolo kuchokera kwa inu eni ake." Mawu otere amatsekula zitseko zimene ndalama sizingatsekule. Kamphatso ka m'manja n'koyenera, koma kaperekedwe ngati ulemu, osati ngati mtengo wolowera.

Malamulo odziwika ndi awa. Nsapato zimavulidwa. Wolowa amavala nsalu yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula, ndipo zovala zowala, makamaka zofiira, sizigwirizana ndi malo opempherera mvula. Mtengo sudulidwa, nkhuni sizitoledwa, nyama kapena njoka siphedwa. Mawu amatsitsidwa. Pali malire amene mlendo sadutsa, ndipo m'kachisi mwenimwenimo mumalowa anthu owerengeka okha a udindo. Za kujambula, funsani musanatulutse foni, ndipo akakana musabe chithunzi. Chithunzi chobedwa chikafika pa Facebook, amene amavutika ndi mkulu uja anakulandirani, ndipo alendo obwera pambuyo panu amapeza khomo lotseka.

Palinso miyambo ya kudika, yokhudza kugona m'banja ndi nthawi ya amayi, imene imatsatidwa pa nsembe za mvula pakati pa Amang'anja ndi Achewa omwe. Nkhani zoterezi sizikambidwa pagulu pali ana. Mayi apemphe kulankhula ndi amayi akuluakulu a pamudzipo, bambo ndi madoda, kuti adziwe amene angalowe tsikulo ndi amene ayenera kutsala kunja. Wouzidwa kuti atsale asakhumudwe. Ndipo zikachitika kuti eni ake anena kuti lero sikuloledwa aliyense, banja libwerere mwaulemu. Kukanizidwako nakonso kumaphunzitsa ana kuti si khomo lililonse limatseguka chifukwa choti wayenda mtunda wautali.

Nanga opemphera?

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagawanika. Mayi wa Chigwirizano kapena wa Mvano akhoza kunena kuti kumeneko n'kwa mafano. Mnyamata wa mpingo wa Pentekosite akhoza kuonjeza kuti mukatengako ziwanda. Agogo nawo n'kuyankha kuti, "Adzukulu, mvula imene inalera makolo anu inkapemphedwa komweko." Mkangano umenewu si watsopano. Amishoni a South Africa General Mission, amene anakhazikika ku Lulwe ndi ku Chididi m'mapiri a Nsanje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ankaletsa akhristu awo kusonkha za kwa Mbona. Mipingo ina mpaka lero imalalikira motsutsa malowa.

Komabe anthu a kuchigwa sanaone nkhaniyi ngati ya kusankha kumodzi basi. Ambiri amati Mbona si Mulungu, ndi mkhalapakati wopereka madandaulo a anthu kwa Mulungu. Schoffeleers anapeza kuti ena ankamutchula Yesu wakuda, poona kufanana kwa nkhani ziwirizi: munthu wosalakwa, wodedwa ndi akuluakulu a kwawo, wovomera yekha imfa, amene magazi ake anabweretsa moyo. Wina akhoza kukana kufanizira kotere, koma kumaonetsa kuti Amang'anja ndi Asena akhala akusinkhasinkha za zipembedzo ziwirizi mozama, osati mwaumbuli monga ena amaganizira.

Kwa banja, chothandiza ndi kusiyanitsa kuyendera ndi kupembedza. Mkhristu amene wapita ku Yerusalemu amaona Ayuda akupemphera pa khoma lawo ndi Asilamu pa mzikiti wawo, ndipo sabwerako atasintha mpingo. Osamala Khulubvi sakakamiza mlendo kuthira nsembe. Chimene amafuna ndi ulemu. Ngati chikumbumtima cha wina sichikumulola kuvula nsapato ndi kuvala nsalu yakuda, atsale pamudzi, acheze ndi akuluakulu pansi pa mtengo. Adzamva mbiri yomweyo. Chosayenera ndi kulowa ndi mtima wokalalikira kapena wokatulutsa mizimu m'nkhalango ya eni. Ameneyo salinso mlendo. Nkhaniyi ikambidwe kunyumba ulendo usanayambe, ndipo mwana wamkulu amene sakufuna asakokedwe.

Manda a amishoni pa njira yomweyo

Chigwa cha Shire chili ndi malo enanso amene akhristu, makamaka a Anglican, amawalemekeza. Gulu la Universities' Mission to Central Africa linafika mu 1861 ndi kukhazikika ku Magomero. Mtsogoleri wake, Bishopu Charles Mackenzie, anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, mbali ya ku Chiromo. Otsalawo anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa, kumene mu 1863 anaika m'manda wansembe Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson. Chaka chomwecho Richard Thornton, katswiri wa miyala amene anayendapo ndi Livingstone, anamwalira ndi kuikidwa kufupi ndi mathithi a Kapichira.

Kuphatikiza manda amenewa ndi Khulubvi pa ulendo umodzi kumapatsa ana chithunzi chathunthu. Zaka zimene azungu aja ankafa ndi malungo ndi kamwazi ndi zomwezo zimene Amang'anja zikwizikwi ankafa ndi njala ndi ukapolo, popanda mwala wolembedwa dzina. Mbali imodzi inasiya mitanda ndi mabuku, inayo inasiya nkhalango ndi nkhani zapakamwa. Mwana woona zonse ziwiri amayamba kufunsa kuti mbiri imalembedwa ndi yani, ndipo funso limenelo lidzamuthandiza moyo wake wonse. Otsala ndi mphamvu akhoza kukweranso ku Chididi, kumene kuli kamphepo kozizira ndipo chigwa chonse chimaoneka pansi mpaka ku Mozambique.

Nyengo, mayendedwe ndi ana

Miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka August. Mu October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo kuyenda chosavala nsapato pa dothi lotere ndi chilango kwa mwana. Miyezi yomweyi ndi imene eni ake amatanganidwa ndi zopempha mvula, choncho si nthawi yoti alendo azisokoneza. Dzinja lili ndi zoopsa zake. Madzi osefukira a mu January 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anaononga misewu, milatho ndi midzi m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa. Wofuna kuwolokera ku Chiromo ndi ku Makhanga kuchokera ku Bangula afunsiretu za mabwato ndi mmene madzi alili.

Maminibasi a ku Nsanje amapezeka ku Blantyre tsiku lililonse, ndipo kuchokera pa boma kabaza wa njinga yamoto kapena yakapalasa amafikitsa kumidzi. Malo ogona alipo pa boma, ku Bangula ndi ku Nchalo. Masiku atatu ngokwanira: loyamba la ulendo ndi manda a ku Chikwawa, lachiwiri la kwa mfumu ndi ku Khulubvi, lachitatu lobwerera modutsa ku Lengwe kapena ku Majete. Tengani madzi akumwa ambiri, zipewa, maneti a udzudzu ndi nsalu zakuda zogula kale kumsika. Ana asasewere m'mphepete mwa Shire, muli ng'ona. Chisena ndicho chimamveka kwambiri ku Nsanje masiku ano, pamodzi ndi Chimang'anja, koma wolankhula Chichewa savutika.

Ana a zaka zosakwana 7 kawirikawiri amangotopa. Opindula ndi a m'makalasi apamwamba a pulayimale ndi a sekondale, makamaka akauzidwiratu nkhani ya Mbona ndi kupatsidwa mpata wokonza mafunso awo. Aphunzitsidwenso kuyankhula ndi akulu: kugwada kapena kunjuta, kunena "agogo" ndi "amfumu", kusadula mawu. Ndipo makolo akumbukire kuti akupita kwa anthu amene chilala ndi madzi zimawasautsa chaka ndi chaka, amene nthawi ya njala amakumba nyika m'madambo. Kugula mbuzi, nsomba, malambe kapena masawu kwa anthu a pamudzipo, ndi kulipira bwino wokuperekezani, n'kwaulemu kuposa kumwaza maswiti kwa ana pa windo la galimoto.

Tsogolo la nkhalangoyi

Mu 2011 boma la Malawi linapereka dzina la Khulubvi ndi malo ena a Mbona ku bungwe la UNESCO, pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ngati chuma cha dziko lonse, monga zinachitikira ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Nkhalangoyi ndi ya mahekitala pafupifupi 100. Woyenda m'chigwachi amaona yekha mmene mitengo yathera chifukwa cha makala, nkhuni, minda yatsopano ndi kuchuluka kwa anthu, kumene kunakula kwambiri pamene othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza Nsanje m'zaka za m'ma 1980. Pakati pa dziko loyera chotero, Khulubvi akadali wobiriwira, ndipo chamuteteza si mpanda kapena mfuti ya mlonda, koma mantha ndi ulemu wa anthu ozungulira.

Apa pali chinthu chofunika kuchiganizira bwino. Alendo akachuluka amabweretsa ndalama, ndipo dera losauka ngati ili likuzifuna. Doko la Nsanje, limene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsekulira mu October 2010, silinabweretse sitima zimene anthu ankayembekezera, ndipo n'zomveka kuti ena amayang'ana ku zokopa alendo. Koma chimene chasunga mitengo ya ku Khulubvi ndi kupatulika kwake. Tsiku limene mwambo udzasanduke chionetsero chochitika nthawi iliyonse basi ya alendo ikaima, achinyamata a pamudzipo adzaleka kuopa, ndipo nkhwangwa idzalowa. Mbali inayo, kachisi akasiyidwa yekha, osamala ake akukalamba, mipingo ikumunyoza, ana a m'tauni osamudziwa n'komwe, mapeto ake adzakhala omwewo.

Pakati pa njira ziwirizi, maulendo a mabanja ndiwo oyenera malowa. Banja limabwera ndi anthu ochepa, limatha kudikira, limatha kumvera, ndipo limabweretsa ana, amene mawa adzakhala aphunzitsi, abusa, aphungu ndi akuluakulu a nthambi ya zachikhalidwe. Boma lingathandize pokonza njira yodziwika yopemphera chilolezo, kuphunzitsa achinyamata a komweko kuperekeza alendo, ndi kuonetsetsa kuti chimene mlendo wapereka chikufika kwa osamala nkhalango. Koma mphamvu yonena kuti alowe ndani, liti ndipo afike pati iyenera kukhalabe m'manja mwa Lundu, Ngabu, Tengani, Malemia ndi anyakwawa awo. Banja lokonzeka kuvomera zimenezi liyambe ndi kutumiza uthenga ku Nsanje, lidikire yankho, kenaka ligule nsalu zakuda.